Mapiritsi Atsopano a Sabina

Harare
22 Januwale 1989

Okondedwa achemwali a Lidia,

Ndikhulupirira muli bwino nonse kumudziko, inu, alamu a Alexio ndi mwana wathu Sabina. Ine kuno ndili bwino, kungoti dzanja likuthamanga kuposa mutu chifukwa cha chimwemwe, ndiye mukhululuke zilembo zikakhota.

Mwakhala mukundifunsa kuti ntchito yanga ku labotale kuno ndi yotani kwenikweni, ine n'kumangoyankha kuti ndimatsuka mabotolo. Lero ndikuuzani zonse, chifukwa ntchito imene tamaliza Lachisanu ikukhudza Sabina. Pali kampani ina kuno yayamba kupanga mapiritsi a khunyu, mankhwala omwewo amene Sabina amamwa, koma otsika mtengo kuposa akunja aja amene amasowasowa kuchipatala kwanuko. Asanawalole kugulitsidwa, panafunika kudziwa ngati atsopanowa amalowa m'magazi a munthu mofanana ndi akalewo. Mankhwala akhoza kukhala amodzimodzi, achemwali, koma woumba akalimbitsa kwambiri, piritsi limangodutsa m'mimba osasungunuka mokwanira. Ntchito yoyesayo anatipatsa ife.

Tinapeza amuna makumi awiri athanzi, ovomera okha. M'mawa asanadye kanthu, khumi anameza piritsi lakale, khumi latsopano, aliyense ndi kapu imodzi ya madzi yochita kuyeza. Kenaka anesi ankawatenga magazi pang'ono pamkono, osadzaza ndi supuni yaing'ono yomwe, poyamba ola lililonse, kenaka motalikitsa mpaka masiku atatu. Titapuma milungu itatu kuti mankhwala athe m'thupi, tinawasinthanitsa: amene anamwa lakale anamwa latsopano, amene anamwa latsopano anamwa lakale. Choncho munthu aliyense tamuyerekeza ndi iye mwini. Mmodzi wa iwo, Mmalawi mnzathu wa ku Mponela, anati chibadwire sanaonepo ntchito yoti munthu azithokozedwa chifukwa chongogona pabedi.

Timachubu ta magazi toposa mazana asanu tadutsa m'manja mwanga ine. Tikayeza kuchuluka kwa mankhwala m'kachubu kalikonse n'kulemba papepala, pamatuluka chithunzi cha phiri: mzere umakwera, kufika pansonga, n'kumatsika pang'onopang'ono, ndendende phiri la Ntchisi mukaliona muli pakhomo pathu paja. Timaona kutalika kwa nsongayo, nthawi imene mzere wafikirapo, ndi kukula kwa phiri lonse. Lachisanu ndinatenga pepala la piritsi lakale ndi la latsopano, ndinawasanjika n'kuwaunika pawindo. Achemwali, mapiri awiri aja anangosanduka limodzi. Abwana athu, mayi wosaseka wamba, anandigwira chanza pamaso pa anthu onse.

Ndamva kuti zipatala za mishoni za kwathuko zaitanitsa kale. Ndiye Sabina sadzasowanso mankhwala, ndipo mukadzawalandira mudzadziwe kuti anadutsa m'manja mwa atsibweni ake.

Mundilembere za iye. Sitandade 8 ikumuyendera bwanji? Nanga mvula?

Ine mlongo wanu,
Reinford


Kwa Mpalawe, Ntchisi
26 Febuluwale 1989

Reinford mlongo wanga,

Kalata yako yafika Lachitatu itatha mwezi wathunthu panjira. Akuti magalimoto akumadikira asilikali owaperekeza pamsewu wa Tete. Tonse tili bwino. Mvula ikugwa ndithu, mlatho wa kumunsi kuja wakokolokanso, chimanga chamasula.

Koma iwe, sukulu yonse unaphunzira ija sinakuuze kuti nkhani za magazi salemba m'kalata? Alamu ako, ponyadira, anaiwerenga mokweza kuchigafa pali anthu osoka fodya. Dzuwa lisanalowe atcheyamani a chipani a nthambi yathu anali atafika pakhomo, kufunsa mwaulemu ngati n'zoona kuti mwana wa malemu a Nabanda akupopa anthu magazi ku Halale. Ndinachita kuwalozera ndi chala pamene unalemba za supuni yaing'ono, n'kuwatulutsira botolo la mankhwala a Sabina. Anapita akunena kuti amvetsa, koma nkhope yawo sinkavomereza. Ulendo wina uzingolemba kuti ukuyesa mankhwala, basi.

Ine za mapiri akowo ndamva theka, koma Sabina wamva zonse. Wajambula mapiri awiri kumapeto kwa kope lake la masamu ndipo akufotokozera aliyense wopezeka pafupi, ngakhale mbuzi. Mu Epulo akwanitsa zaka ziwiri osagwa. Teremu yatha anali nambala wani, kuposa ana a aphunzitsi omwe, ndipo ahedi akuti mwana ameneyu sekondale ndi yake.

Apa ndiye pali nkhani, ndipo iwe monga tsibweni wake uyenera kuidziwa. Sekondale ya atsikana imene angapite ndi yogonera konko. Alamu ako anena poyera kuti akatha chaka chino osagwa, apita. Koma akagwa ngakhale kamodzi, sachoka pakhomo, chifukwa kumeneko palibe womukoka pamoto kapena pachitsime. Usawaone ngati ouma mtima. Ndi iwo anamunyamula kuchokera kudambo tsiku lija anagwera m'madzi ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo sanaiwale. Ine ndavomera pangano limeneli chifukwa ndikudziwa kuti sagwa. M'mawa ndi madzulo piritsi ndimamupatsa ndekha m'manja.

Ukapeza mpata utumize masokosi oyera. Ndayamba kusonkhanitsa zinthu mwakachetechete.

Ine mlongo wako,
Lidia


Kwa Mpalawe, Ntchisi
7 Meyi 1989

Reinford,

Moni kuchokera kwa tonsefe. Sindidikira yankho lako, nkhaniyi ikundiyabwa pakamwa.

Afika mapiritsi ako aja. Lachinayi ndinapita kuchipatala cha mishoni, adokotala n'kutulutsa chitini chachikulu cholembedwa Zimbabwe. Manyazi ndinawasiya panja, ndinauza mzere wonse kuti amene anawayesa ndi mlongo wanga amene ndinkamubereka kumsana akuthothoka mamina. Mayi wina wa ku Chisepo anafuna adiresi yako kuti umuyesereko a mwendo.

Popeza tsopano alipo ambiri, atipatsa a miyezi itatu nthawi imodzi. Zokwera chitunda chija mwezi ndi mwezi zatha. Akale aja ankabwera m'kabotolo kawo, koma awa atiwerengera mu envulopu ya pepala. Adokotala anabwereza kawiri kuti ndiwasunge pozizira, kutali ndi dzuwa ndi moto, ndipo ndawaika pamalo pozizira kuposa ponse m'nyumba muno, pomwe pankakhala akale aja. Kabotolo ndasungiramo singano.

Mayeso ndi mu Julayi. Sabina akuwerenga moti kukatunga madzi amapita ndi buku.

Lidia


Kwa Mpalawe, Ntchisi
25 Juni 1989

Reinford mlongo wanga,

Ndikhulupirira uli bwino. Masokosi afika, zikomo. Ife kuno sitili bwino.

Sabina wagwa. Koyamba pa 10 Juni m'mawa akusesa pabwalo. Ndinamuuza kuti asauze bambo ake, ndipo Mulungu andikhululukire, ndinati mwina ndi kutopa ndi kuwerenga. Lachiwiri lapitali wagwanso, ulendo uno kukhitchini akukazinga mtedza, ndipo mkono wamanzere unakhudza phale lamoto. Bala lake ndi lalikulu ngati chikhatho changa. Kuchipatala amumanga, akuti lipola. Dzanja lolembera lili bwino ndipo mayeso alemba, wanena yekha.

Alamu ako sanakalipe. Anangokhala pakhonde ataweramitsa mutu, kenaka anati, "Pangano tinapangana lija mukulikumbukira." 

Tsopano ndikufunse, ndipo usakwiye. Zaka ziwiri akumwa akale aja sanagwe ngakhale kamodzi. Atsopanowa wamwa mwezi umodzi ndi theka, wagwa kawiri. Chasintha n'chiyani pakhomo pano kupatula mapiritsiwo? Ndinafunsa akale kuchipatala, akuti sakubweranso. Anthu omwe ndinawauza pamzere aja tsopano akumandifunsa kuti mankhwala a mlongo wanu aja akuyenda bwanji, ndipo ndikumalambalala njira ya kuchigayo.

Kodi amuna makumi awiri ako aja, analipo wa khunyu ngakhale mmodzi? Mapiri ako unawaona bwino, kapena dzuwa la pawindo linakuthobwa m'maso? Ngati kwanuko akale akupezeka, tumiza msanga. Ndili ndi mantha, Reinford.

Lidia


Harare
16 Julayi 1989

Achemwali,

Makalata anu awiri afika tsiku limodzi, yachimwemwe ndi yachisoni. Ndinayamba kuwerenga yachimwemwe, ndiye mungaganize mmene yachiwiri inandipwetekera. Pepani kwambiri ndi bala la mwana.

Koma za mapiritsi, achemwali, ndikuuzeni mosapita m'mbali: alibe vuto. Sitiyesa pa odwala chifukwa funso lathu si loti mankhwalawa amachiza kapena ayi, zimenezo zinadziwika kale. Funso ndi loti amafika m'magazi mofanana kapena ayi, ndipo amafika. Ndatulutsanso mapepala onse, ndawerengeranso munthu mmodzimmodzi. Palibe cholakwika.

Ndiye vuto lili kwina. Kodi nthawi yokolola ino, ntchito itachuluka, simunadumphitse masiku ena? Zimachitika, munthu amaiwala. Kapena, poona kuti ndi ambiri, simunagawireko wina wodwala m'mudzimo n'kumamupatsa Sabina theka? Mtima wanu ndimaudziwa. Komanso ngati mwayambanso zitsamba zija anabweretsa azakhali chaka chija, siyani lero lomwe. Mundiuze zoona kuti ndithe kuthandiza.

Alamu muwauze kuti asafulumire kutseka nkhani ya sukulu. Mwana akamamwa mankhwala moyenera sagwa.

Reinford


Kwa Mpalawe, Ntchisi
6 Ogasiti 1989

A Reinford,

Kalata yanu ndaiwerenga, ndipo ino sinawerengedwe kuchigafa.

Zaka zinayi, m'mawa ndi madzulo, sindinadumphitsepo. Pa maliro a amayi athu, inu musanafike n'komwe, ndinatuluka m'nyumba ya siwa kukamupatsa piritsi. Sindinagawire munthu, sindinadule theka, zitsamba ndinataya kudzala inu mukuona.

Mayeso walemba. Wagwa kawiri mu Julayi, mwamwayi osati m'chipinda cha mayeso. Lachinayi ndakatenga ena a miyezi itatu, omwewo anu abwino aja, poti palibe ena.

Mwawerengeranso amuna anu makumi awiri mmodzimmodzi, koma mlongo wanu mmodzi yekha mwalephera kumukhulupirira. Khalani ndi mapiri anu.

Mayi a Sabina


Kwa Mpalawe, Ntchisi
3 Seputembala 1989

Okondedwa atsibweni,

Choyamba ndifuna kudziwa za moyo wanu. Ine ndili bwino, bala lapola, latsala chipsera.

Atsibweni, ndasankhidwa! Ahedi anabwera okha panjinga Lachisanu ndi nyuzi, dzina langa lilimo. Ndi sekondale ya atsikana ya ku Dowa, ndipo akutsegulira pa 9 Okutobala. M'sukulu yathu yonse tasankhidwa awiri. Amayi anavina pabwalo mpaka chitenje kumasuka, kenaka analowa m'nyumba n'kuyamba kulira. Abambo anagwira nyuziyo nthawi yaitali, anaipinda bwinobwino n'kuiika m'Baibulo, koma anati mawu awo sanasinthe.

Amayi sakudziwa kuti ndikulemba. Akuti dzina lanu lisatchulidwe pakhomo pano mpaka Khirisimasi. Sitampa andipatsa ahedi.

Ndifuna kukuuzani zimene ndaona, chifukwa munalemba kuti ku labotale mumalemba chilichonse ndi nthawi yake. Inenso ndakhala ndikulemba masiku kumapeto kwa kope. Mapiritsi oyamba tinatenga pa 4 Meyi. Meyi yense sindinagwe. Ndinagwa pa 10 ndi pa 20 Juni, pa 8 ndi pa 27 Julayi. Ena tinatenga pa 3 Ogasiti. Milungu inayi sindinagwe, mutu unali wopepuka, mpaka Lachinayi lapitali pa 31. Ndiye ndikuona ngati akakhala ongobwera kumene amagwira, akakhalitsa amatopa. Komanso ongobwera kumene amayamba kuphwanyika palilime ndisanameze, amawawa, koma okhalitsa ndi olimba ngati mwala ndipo sawawa. Ndinauza amayi, anati ndisayambe kulankhula ngati atsibweni anga.

Muenvulopu muno ndaikamo mapiritsi anayi. Ndi otsala a Meyi aja, ndawakulunga m'pepala lawo lomwe. Chonde muwayese m'makina anu. Amayi musawakayikire, amawasamala kuposa china chilichonse, amawaika pozizira monga ananenera adokotala.

Ndikufuna kupita kusukulu, atsibweni. Abambo amamvera inu pa nkhani ya ine, koma safuna mawu okha.

Ine mwana wanu,
Sabina


TELEGALAMU
Harare, 19 Seputembala 1989
Kwa Lidia Alexio, Mpalawe, Ntchisi

PITANI KUCHIPATALA MAWA MUKATENGE MAPIRITSI ENA. MUIKE MUBOTOLO LOTSEKA. MUSAIKENSO PANSI PA MTSUKO. KALATA IKUBWERA. PEPANI. REINFORD


Harare
19 Seputembala 1989

Okondedwa achemwali,

Ino ndaitumiza pandege kuti ifike sukulu isanatsegulidwe. Ndiyambe ndi kupepesa. Ndinakulakwirani kwambiri. Munanena zoona kuti mapiritsi sakugwira, ine n'kukakamira mapepala anga. Sabina musamukalipire chifukwa chondilembera, ndi iye wamasula nkhani yonseyi.

Kalata yake yafika dzulo. Nditatambasula pepala lokulungira mapiritsi, ndinaona kuti lili ndi madontho ouma a madzi, ndipo mopindika mwake munali timchenga ta kumtsinje. Ndinatipukusa pachala, nthawi yomweyo ndinaona nyumba ya amayi athu: mtsuko pakona, utakhala pamchenga wonyowa, ndipo kuseri kwake tomato ndi kabotolo ka mkaka. Mukukumbukira ndinkati ndi filiji ya amayi? Adokotala atati pozizira, munapita pomwepo, ndipo m'nyumba ya kwathu palibedi pena pozizira kuposa pamenepo.

Ndinathamanga nawo kwa abwana. Tili ndi makina a mitsuko yagalasi yokhala ndi madzi ofunda ngati m'mimba mwa munthu, ndi kamthiko kozungulira pang'onopang'ono. Mumtsuko wina tinaponya piritsi la m'sitolo yathu, m'winawo la Sabina. Lathu linaphwanyika mphindi zitatu zisanathe. La Sabina, achemwali, ola linakwana likungozungulira lathunthu, ndipo mankhwala amene linatulutsa sanafike ndi theka lomwe. Tinabwereza, zomwezo. Abwana akuti mankhwala amenewa akamwa chinyezi amagwirana n'kulimba, ndiye munthu amameza piritsi lonse koma m'magazi mumafika pang'ono. Akale aja akanachitanso chimodzimodzi, kungoti kabotolo kanu ka singano kaja kankawateteza. Pepala silitchinga chinyezi.

Ndiye mapiri anga anali oona, ndipo inunso munali oona. Ife tinayesa mapiritsi ochokera m'sitolo youma, ndipo palibe anafunsa kuti mayi wa ku Ntchisi akawasunga pati. Ine, wokulira pafupi ndi mtsuko womwewo, ndinayenera kufunsa. Abwana alembera kale kampani ija kuti mapiritsi azipita m'timabotolo, ndipo mwezi wa mawa tiyesa ena titawasunga dala pachinyezi. Akuti masiku amene Sabina analemba aja tiwaike mu lipoti.

Tsopano kwa alamu. Sindikufuna amvere mawu anga, aone okha. Atenge matambula awiri agalasi a madzi ofunda, aponye piritsi longobwera kumene m'limodzi, la pansi pa mtsuko m'linalo, avundule mofanana akuyang'ana wotchi. Kalata ino mukaonetsenso adokotala kuti achenjeze ena. Kamwedwe musasinthe popanda iwo.

Ine monga tsibweni mawu anga ndi oti mwana apite. Koma amene anamunyamula kudambo ndi alamu, ndiye agamule ataona matambulawo.

Mlongo wanu wamanyazi,
Reinford


Kwa Mpalawe, Ntchisi
4 Okutobala 1989

Alamu a Reinford,

Ndine Alexio. Sindizolowera kulemba makalata, mundipirire. Tili bwino, tikukonza nazale ya fodya.

Telegalamu yanu inatiopsa. M'nyumba muno telegalamu inabwerapo kamodzi kokha, ya maliro. Mayi a Sabina anakana kuitsegula, ndinatsegula ine. Titamva kuti palibe wamwalira, anayamba kufunsa kuti za mtsuko mwazidziwa bwanji muli ku Halale. Komabe m'mawa mwake anapita kuchipatala, ndipo singano anazikhuthula m'kabotolo kaja.

Kalata inafika Loweruka. Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinabwereka wotchi ya ahedi ndi matambula awiri kwa Mahamadi wa golosale. Madzi ndinafunditsa ndekha, kuyesa ndi chala. Longobwera kumene linayamba kufuka ngati ufa ndisanavundule n'komwe. La pansi pa mtsuko ndinavundula mpaka dzanja kutopa, linangoti gwa. Ndinaganiza kuti mwina ndi tambula, ndiye ndinatsuka n'kusinthanitsa, monga munasinthanitsira amuna anu aja. Zinatuluka zomwezo. Ndinachita katatu, anthu ataunjikana pakhonde, atcheyamani omwe analipo.

Alamu, ine ndine mlimi wa fodya. Ndikudziwa kuti tsamba lomwelo, la m'munda womwewo, likamwa chinyezi chopitirira limasanduka chinthu china ndipo kumsika salilandira. Sindinafunikenso wondifotokozera.

Mlongo wanu sanadye tsiku limenelo. Ankangoti ndamuotcha ndine mwana wanga. Ndinamuuza kuti anachita zimene anauzidwa, ndipo envulopuyo nanenso ndinkaiona pamenepo tsiku ndi tsiku pomwa madzi, osaganiza kanthu.

Za pangano. Ndinati akagwa sapita, ndipo wagwa kasanu. Koma ndaona kuti amene anagwa ndi mwana wosamwa mankhwala, ngakhale ankameza. Pangano langa linali la mwana womwa mankhwala. Chiyambireni kumwa a m'botolo, milungu iwiri tsopano sanagwe. Ndi yochepa, ndikudziwa, ndipo mantha sanandichoke. Komabe Lolemba ndimuperekeza ndekha. Ndikaonana ndi amayi oyang'anira kogona atsikana, ndikawauze za matenda ake osabisa, za moto ndi za madzi, ndiponso kumene botolo liyenera kukhala.

Ndatha ine mlamu wanu,
Alexio


Kwa Mpalawe, Ntchisi
19 Novembala 1989

Reinford mlongo wanga,

Khirisimasi sinafike koma dzina lako ndalimasula. Uli bwanji? Botolo labulauni lachitsekero cholimba watumiza lija lafika, alamu ako akapereka kwa Sabina Loweruka likudzali. Kupepesa kwako ndalandira. Kwanga sindilemba, ukabwera udzakuona pankhope.

Mwana anapita pa 9 paja. Tinadzuka m'mamawa kukadikira basi pa boma. Sutikesi ananyamula alamu ako pamutu, koma kabotolo ka mapiritsi anakana kuika m'menemo, anakaika m'thumba la malaya n'kutseka ndi pini, ndipo njira yonse dzanja linali pamenepo. Sabina anavala masokosi ako. Chipsera sanabise, anapinda juzi mpaka m'chigongono, akuti aliyense wofunsa amufotokozera za chinyezi. Ana a eni ake ndikuwamvera chisoni.

Walemba kawiri. Miyezi iwiri tsopano osagwa. Piritsi amamwa yekha belu la m'mawa ndi la madzulo likalira, ndipo akulembabe masiku kumapeto kwa kope. Akuti ndikufunse kuti munthu amaphunzira chiyani kuti azigwira ntchito ya mapiri.

Kuchipatala adokotala anawerenga kalata yako kawiri. Tsopano aliyense wotenga mankhwala amenewa akumamuuza kuti abwere ndi botolo, ndipo akumafunsa kuti mukasunga pati. Lachinayi lapitali anandiimika ine kutsogolo kwa mzere ndi matambula awiri. Amayi anayi anavomera kuti awonso amaika pansi pa mtsuko. Mayi wa ku Chisepo uja akufunabe adiresi yako.

Mvula yoyamba yagwa Lachiwiri, tadzala. Pakhomo pali zii, palibe wofotokozera mbuzi. Pansi pa mtsuko tsopano pali tomato yekha. Koma thupi silimva msanga, Reinford. M'mawa uliwonse ndikadzuka ndimapezeka ndagwada kale pakona paja, dzanja lili pamchenga kufufuza envulopu, pakamwa nditayamba kale kuitana dzina lake. Ndiye ndimakumbukira kuti ali ku Dowa, kuti belu lalira ndipo wamwa yekha. Ndimapukuta mchengawo pachitenje n'kutenga khasu.

Ine mlongo wako,
Lidia